Rozi wa ku Dedza: duwa la chibwenzi kapena la maliro?

Ku Dedza kuzizira si nkhani yochita kufunsa. Tauniyi ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lomwe laima kumbuyo kwake limafika mamita 2,198. Mu June ndi July chifunga chimatsika m'phirimo m'mawa, anthu a pamsika n'kumagulitsa manja ali m'khwapa. Inu amalonda a ku Lilongwe ndi ku Limbe mumaidziwa Dedza chifukwa cha mbatatesi ndi kabichi. Komatu kuzizira komweku kumakondedwanso ndi mbewu ina yomwe sitiiwerengera, duwa la rozi.

Ine phirili ndidakwera wapansi, kutsata msewu wafumbi wodutsa m'mitengo ya paini. M'tchire monsemo rozi sindidamuone ngakhale mmodzi. Ndidakamupeza nditatsika, m'mabwalo a nyumba zakale ndi m'mbali mwa matchalitchi. Apa mpomwe pali chinsinsi chake: rozi ndi mlendo kuno, adabwera ndi azungu a mishoni ndi atsamunda, ndipo mpaka lero amakhala pomwe pali munthu womuthirira ndi kumudulira.

Nditafika ku Bembeke, komwe kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, ndidapeza amayi akupemphera kolona. Iyi ndi dayosizi yomwe idatsogoleredwapo ndi Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala episkopi wa Katolika, omwe adadzozedwa mu 1957. Kodi mukudziwa kuti dzina lomwe azungu amatchulira kolona lidachokera ku mawu a Chilatini otanthauza munda wa marozi? Ndiye kuti mayi akamawerenga timikanda tija, ati akupereka maluwa kwa Amayi Maria, limodzilimodzi.

Kunja rozi si wongokongoletsa ayi. Ku Bulgaria, m'chigwa cha Kazanlak, amathyola maluwa mbandakucha n'kuwatcheza ngati kachasu kuti apeze mafuta onunkhira. Pamafunika makilogalamu oposa 3,000 a maluwa kuti patuluke kilogalamu imodzi yokha ya mafuta, n'chifukwa chake mafutawo ndi odula zedi. Amwenye ndi Aluya amathira madzi a rozi m'zakudya zotsekemera. Ku Britain, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, malalanje atasowa, anthu ankatola tizipatso ta rozi wam'tchire n'kupangira ana manyuchi okhala ndi vitamini C.

Nanga ife? Makolo athu duwa ankalidziwa ngati ndiwo, monga chiluwe cha maungu. Mnyamata wofuna banja ankatuma malume ake kukaonekera kuchikazi, sankanyamula duwa. Maliro akagwa pamudzi, chizindikiro chake ndi masamba oyalidwa pamsewu, ndipo wanjinga amatsika n'kuyenda wapansi. Zoti rozi wofiira ndi chikondi, woyera ndi mtima woyera, tidaziphunzira mochedwa, ndipo ambiri timazikumbuka pa 14 February pokha.

Zoona zake n'zakuti Mmalawi duwa amalilemekeza kwambiri kumanda. Mtembo ukakwiriridwa, woyendetsa mwambo amaitana oika nkhata mwandondomeko: namfedwa, ana, akubanja, akumpingo, akuntchito, mpaka mfumu. Munthu yemwe sadapatsidwepo duwa chibadwire, tsiku limeneli amafundidwa maluwa thupi lonse. Valentine amabwera kamodzi pa chaka, abale anzanga, koma maliro ndi maukwati n'zasabata iliyonse. Msika weniweni wa duwa uli pamenepo.

Tsono taonani zomwe timagulitsa m'misika yathu: marozi apulasitiki ochoka kunja, ofumbira pa benchi. Anzathu a ku Kenya amalima rozi m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, malo okwera ndi ozizira ngati Dedza yemweyu, n'kumatumiza pa ndege ku Netherlands. Dedza ali pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 85 okha kuchoka ku Lilongwe.

Koma tisanamizane, wamalonda wogulitsa pulasitiki si wopusa. Rozi wodulidwa sachedwa kufota, amaposa tomato. Ku Kenya amamuika m'zipinda zozizira ndi m'magalimoto a fuliji kuchoka kumunda mpaka kubwalo la ndege. Inu mukamuika pamwamba pa matumba a mbatatesi pa lole, dzuwa likuswa mtengo, pofika ku Nathenje mpamba wanu wagona kale.

Njira yomwe ndikuiona ine ndi ya mbande. Rozi amamera kuchokera ku kanthambi kodulidwa, ndipo akagwira m'chubu amatha kudikira wogula kwa masabata, bola kumuthirira. Kwa ofuna nkhata ndi maluwa a ukwati, gwirizanani ndi mlimi mmodzi kapena awiri kumtundako, muzidula pokhapokha oda yalowa, mamawa kusanatenthe, mapesi ali m'ndowa ya madzi ndipo ndowayo ili pamthunzi.

Sindikunena kuti mutaye mbatatesi, iyayi. Koma ulendo wina mukakapikula ku Dedza, tafunsani alimi ngati kuseri kwa nyumba kulibe kamunda ka maluwa. Fumbi ndiwe mwini. Mukadikira kuti wina ayambe, mudzamva kuti rozi wa ku Bembeke akugulitsidwa mu Lilongwe, inu mukadali kupukuta fumbi pa pulasitiki.