Ku Sutherland, kumene lamulo limateteza mdima

Minibasi yathu inachoka ku Cape Town m'mawa wa Loweruka lina mu Julayi, itadzaza anthu, mabulangete ndi mabokosi aatali omwe eni ake sankalola munthu kuwatsamira. M'mabokosimo munali matelesikopu. Eni akewo salipidwa poyang'ana nyenyezi: wina ndi mphunzitsi, wina namwino, wina ndi bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya njanji. Angapo ndi mamembala a Astronomical Society of Southern Africa, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1922.

Tinatsata msewu wa N1 mpaka pa Matjiesfontein n'kukhotera kumpoto. Kuchoka pamenepo ndi makilomita oposa 100 a dziko louma la Karoo, miyala, zitsamba ndi nkhosa basi.

Sutherland ndi tauni yaing'ono yotchuka ndi chisanu. Chakum'mawa kwake kuli chitunda chomwe chili mamita pafupifupi 1,800 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo pamenepo ndi pomwe South African Astronomical Observatory inasamutsira matelesikopu ake m'zaka za m'ma 1970, magetsi a m'mizinda atayamba kuphimba thambo. Yaikulu pa onse ndi SALT, yomwe Thabo Mbeki anatsegulira mu 2005. Tinaiona masana. Kalilole wake ndi wa mamita 11, wopangidwa ndi tizidutswa 91 ta mbali zisanu ndi imodzi, tolumikizana ngati malesa a njuchi. Ana asukulu omwe tinawapeza kumeneko anafunsa pomwe munthu amaika diso. Palibe. Kuwala kumagwera m'makina, zotsatira n'kupita pa kompyuta, kenako kwa akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana.

Apa m'pamene ntchito ya anzanga a m'minibasi inaonekera. Dzuwa litalowa, anaimika matelesikopu awo pabwalo kunja kwa tauni, ndipo ana omwe aja anabwera ndi aphunzitsi awo. Lamulo loyamba linali lozimitsa mafoni. Diso limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kamodzi kokha kumabweza munthu poyambira. Tochi yololedwa ndi yofiira yokha. Ngakhale boma limausamala mdimawu: lamulo la mu 2007 limateteza madera a Northern Cape ku kuwala ndi mafunde a wailesi omwe angasokoneze kafukufuku.

Mlalang'amba unadutsa pamutu penipeni, wowala mpaka malo ake akuda n'kumaoneka bwinobwino. Bambo a njanji aja analoza Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zolozera ku Southern Cross, n'kuuza mtsikana wina kuti asuzumire.

"Agogo, zilipo ziwiri!" anakuwa mtsikanayo.

"Eya, ndipo pali yachitatu imene makina angawa sangakuonetse bwino," anayankha iwo. Anafotokoza kuti yachitatuyo ndi Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, komabe kuwala kwake kumayenda zaka 4.2 kuti kutifike. Anaitulukira Robert Innes ku Johannesburg mu 1915, munthu amene anayamba ngati wogulitsa vinyo ku Sydney n'kudziphunzitsa yekha za nyenyezi. Mayi namwino anaonjezera ya posachedwa: mu 2020 Clyde Foster, akujambula Jupiter kunyumba kwake ku Centurion, anaona kadontho katsopano m'mitambo ya pulanetiyo, ndipo patangopita masiku awiri chombo cha NASA chotchedwa Juno chinakajambula chapafupi.

Nkhani zimenezi sankazinena pofuna kudzitama. Ankafuna kuti ana amve kuti zimayambira pa munthu wamba woleza mtima. Kenako mzere unasamukira pa telesikopu yoloza Omega Centauri, yomwe ndi maso imaoneka ngati nyenyezi imodzi yofuwirira, chonsecho ndi gulu la nyenyezi mamiliyoni.

Ine mtima unali kwathu. Thambo limeneli n'lomwe timagona pansi pake m'midzi ya ku Ntchisi kapena ku Mwanza, kumene mdima sufuna lamulo loutchinjiriza. Nthanda, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana agogo athu amazidziwa. Chimene ana athu ambiri sanachionepo ndi munthu wofika pasukulu madzulo ndi telesikopu yonyamula pamanja, n'kupirira mpaka womaliza pamzere atasuzumira. Zimandiwawa, chifukwa n'zotheka: ngakhale mabainokyula wamba amaonetsa zigwa za pamwezi.

Chisanu chinatibalalitsa pakati pa usiku, zala zitauma moti kumanga mabokosi kunali kovuta. Pobwerera Lamlungu, aphunzitsi ndi anamwino aja ankagawana ntchito ya Loweruka lotsatira ku Observatory, malo akale a ku Cape Town omwe anakhazikitsidwa mu 1820, kumene anthu wamba amaloledwa kudzaona nyenyezi Loweruka lachiwiri ndi lachinayi mwezi uliwonse. Ankafuna wina woimirira pachipata kukumbutsa alendo za mafoni, ndipo ntchitoyo inagwera ine.