Ng'ombe za m'maloto a agogo

Ndinabadwa mu 1990 tsidya la malire, ku Dedza, kumene makolo anga anathawira nkhondo. Mayi ali m'cikuta, agogo analota mnyamata akulowetsa ng'ombe m'khola lathu la ku Angónia. Pa nthawiyo kholalo linali phulusa, ng'ombe zonse zitapita ndi anthu a mfuti. Kutaca agogo anauza aliyense wobwera kudzaona mwana kuti uyu ndiye adzabweza cuma ca pabanja. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera kumudzi caka cotsatira, ine ndili kumbuyo kwa acemwali anga, malotowo atandifikira kale kumudzi.

Aliyense anawamasulira mwake. Agogo ankati ng'ombe ndi ng'ombe, za miyendo inayi. Atsibweni ankati masiku ano ng'ombe zili m'mabuku, mwanayu apite kusukulu mpaka adzakhale pa ofesi ku Tete. Mayi sankanena kanthu. Koma mbatata ya kacewere ikagulitsidwa ku Lizulu, ndalama zinkayamba zagula makope anga. Acemwali, amene ankandiposa masamu kutalitali, analekera kalasi 5 kuti azithandiza kudimba. Palibe anawafunsa. Inenso sindinafunse, cifukwa mwana amene amamuikira nsima yoyamba saganiza kuti ina yacepa.

Ndili ku sekondale ku Ulónguè, tinkazemba Loweruka kupita kukanyumba ka kanema koyendera jenereta. Kumeneko ndinaonera koyamba filimu ya Star Wars, gawo limene linatuluka mu 1999. Cingerezi sitinkacimva, tinkangotsata malupanga owala. Ndinadzamvetsa nkhani yake nditakula, ndikuiwerenga m'mawu a Cipwitikizi olembedwa m'munsi mwa cithunzi, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere.

Nkhani yake ili tere. Pali gulu la ankhondo opatulika ochedwa Jedi, amene ali ndi ulosi wakale wonena kuti kudzabwera wosankhidwa wodzalinganiza mphamvu imene imagwira cilengedwe conse. Mmodzi wa iwo, Qui-Gon Jinn, apeza mnyamata wa zaka 9, Anakin Skywalker, ali kapolo pamodzi ndi mayi ake, Shmi, m'dziko la mcenga la Tatooine. Qui-Gon akhulupirira pomwepo kuti ndi ameneyu. Awombola mwanayo, koma mayi ake awasiya mu ukapolo. Ulosi unanena za mwana, sunanene za mayi, ndiye palibe Jedi anabwerera kukawatenga. Patapita zaka 10 Anakin anawapeza akutsirizika m'manja mwa acifwamba a m'cipululu, ndipo anafera m'manja mwake.

Cimene cinandigwira mtima ndi mmene akuluakulu anaugawanirana ulosiwo. Qui-Gon anaukhulupirira mpaka pa imfa yake, pamene analumbiritsa wophunzira wake Obi-Wan Kenobi kuti aphunzitse mwanayo. Bwalo la akulu poyamba linakana, linati mwanayu wakula kale ndipo mumtima mwake muli mantha. Mace Windu anamulandira ndi diso limodzi lotsegula. Yoda, m'gawo la 2005, anafika ponena kuti mwina ulosiwo anaumva molakwa. Ambiri a iwo ankati kulinganiza kukutanthauza kuwononga adani awo, a Sith, cifukwa munthu akamva za cilungamo amayamba waganiza kuti cidzagwera mbali yake. Ndipo panali Palpatine, mdani wobisala, amene sankatsutsana ndi wina aliyense. Iye anangoona kuti mnyamatayo ali ndi njala yoti wina amumvere, nakhala khutu limenelo. Anakin anagwa, nasanduka Darth Vader, napha a Jedi amene ankamuyembekezera.

Onsewa ankakangana za tanthauzo la mwanayo, mwanayo ali pomwepo. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinakhalapo pamphasa atsibweni ndi agogo akutsutsana ngati ng'ombe zanga zidzakhale za m'khola kapena za kubanki, ine ndikubisa pepala la mayeso limene ndinalephera. Ndinabwereza kalasi 10. Sindinanene kunyumba mpaka caka citatha, cifukwa ndinkaona ngati wosankhidwa akalephera, walepheretsa khola lonse.

Pali nkhani ina imene imapita patali kuposa apa. Buku la Dune la Frank Herbert, la mu 1965, limanena za anthu a m'cipululu ochedwa Fremen amene akudikira mpulumutsi wocokera kunja. Koma ulosi wawo unadzalidwa dala, mibadwo yambiri m'mbuyo, ndi gulu la amayi locedwa Bene Gesserit, kuti wa gulu lawo akadzasowa pothawira adzapeze anthu okonzeka kumulandira. Mu filimu yake ya 2024, mtsogoleri Stilgar amaona cizindikiro pa ciliconse cimene Paul Atreides wacita. Paul akakana kuti si iye, Stilgar amati kudzicepetsa kumeneko ndiwo umboni. Mtsikana Chani ndiye amaumirira kuti anthu ake adzadziwombola okha. Agogo sanadzale maloto awo mwacinyengo, ndikudziwa. Anali mayi amene anataya zonse, ali m'dziko la eni, ndipo ankafuna cinthu coti agwire kuti kuce. Koma ulosi ukangolowa m'nyumba, umayamba kugawa cakudya, kaya unabwera ndi cinyengo kapena ndi misozi.

Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo lero ndimaphunzitsa ana a pulayimale m'boma lomwe lino. Malipiro anga amakwana ufa, sopo ndi shapa yopitira kumudzi. Ng'ombe sanagulepo. Atsibweni anamwalira akunenabe kuti nthawi yanga sinakwane.

Acemwali anakhalabe kudimba. Anaphunzira kusunga mbewu ya kacewere, kudziwa sabata imene mtengo umakwera, kuwerengera mametikali ndi makwaca m'mutu wogula asanatulutse foni. Anasunga ndalama zaka zambiri osauza munthu. Tsiku lina la chuthi anandiitana.

"Acimwene, mawa mundiperekeze. Ndagula ng'ombe ziwiri, koma ine mwendo ukundivuta."

Tinapita m'mamawa. Pobwera iwo anakwera njinga yamoto, ine ndinatsala ndi ng'ombe zija, thadzi ndi kamwana kake, ndikuzikusa ndi kamtengo. Ndinafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'maso. Agogo, amene pa nthawiyo ankayenda ndi ndodo, anali atakhala pafupi ndi khola latsopano limene alamu anamanga. Ataona ndikulowetsa ng'ombe anayamba nthungululu, misozi ili mbwee.

"Mwaona? Ndinanena ine! Ndi yemweyu ndinamuona!"

Ndinafuna kuwauza kuti agogo, ng'ombezi si zanga. Ndinayang'ana acemwali. Iwo anangopukusa mutu pang'ono, nati, "Asiyeni agogo asangalale." Kenaka analowa m'khichini kukasonkha moto.

Maloto anakwaniritsidwa ndithu, monga mmene analotedwera. Mnyamata analowetsa ng'ombe m'khola. Kungoti malotowo sanaonetse amene anazigula, ndipo tonse tinatha zaka zoposa 20 tikuyang'ana amene anali pacithunzi. Star Wars nayonso imathera mofanana. Mu filimu ya 1983, Darth Vader aponya Palpatine kuphompho pofuna kupulumutsa mwana wake Luke, amene anakana kumutaya ngakhale onse anati bambo akewo anatheratu. Ena amati apo ndiye ulosi unakwanira. Koma mu filimuyo palibe amachula ulosi, cifukwa inapangidwa zaka 16 nkhani ya wosankhidwa isanaonetsedwe. Cimene timaona ndi bambo amene walephera kupirira kulira kwa mwana wake.

Agogo anatisiya ali okhutira. Ine ngongole yanga ikadalipo, ndipo sindidziwa ngati ingabwezedwe, cifukwa zaka za sukulu za acemwali sizigulidwa pamsika. Tsopano ndine atsibweni a ana awo atatu. Caka catha mayi wina wa mpingo anawauza kuti wamng'ono, mnyamata, ali ndi nyenyezi, adzakhala munthu wamkulu. Nkhaniyo inafika kwa ine kuti ndiyambe kumukonzera njira. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo mwanayo ndimamukonda. Koma sukulu zitatsegulira ndinagula makope a ana atatu onse, mulu wofanana, ndipo ndinayamba kupereka kwa mtsikana wamkulu, amene wangolowa kalasi 6. Acemwali anali pakhonde akusankha mbewu. Anaona, sananene kanthu, anangomuuza mwanayo kuti alembe dzina lake pa kope lililonse lisanasowe.