Madzulo a Chilimwe ku Chembe

Mwezi wa Okutobala dzuŵa limaomba koopsa kunyanja. Mchenga umaotcha mapazi, ndipo munthu wanzeru amakhala pamthunzi kufikira dzuŵa litapendeka. M'nyengo yotereyi ine ndi akazi anga tinapita ku Chembe, mudzi wa asodzi wa m'boma la Mangochi, kukakumbukira ukwati wathu umene unadalitsidwa m'chaka cha 1981.

Alendo amatcha malowa Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka m'chaka cha 1861 polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear. Pano mpamene amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika pa sitima ya Ilala m'chaka cha 1875. Malungo anaŵasautsa kotero kuti m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzao m'tsinde mwa phiri. Tinakaona mandawo masana, ndipo tinabwerako osalankhulana zambiri.

Kunena zoona, kukhala chete kumeneku sikunayambire kumandako. Chichokere ana pakhomo, nkhani zathu zinangotsala za feteleza, za mankhwala ndi za maliro. Sitinayambane ai, koma mau okoma anali atatithera. Nchifukwa chake tisananyamuke ndinapempha mdzukulu wathu kuti andiikire nyimbo zakale m'foni. Iye anati, "Agogo, ndiike ziti?" Funso limeneli linanditengera masiku atatu.

Poyamba ndinalemba zokonda ine ndekha, koma ndinazifafaniza, pozindikira kuti nyimbo yoyenera madzulo otere ndiyo imene tinaimvera limodzi. Ndinachotsanso zaphokoso, pakuti nyimbo yotsekereza mau a mnzako siithandiza kucheza. Zinatsala zoŵerengeka: gitala wa Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene tinkamumva pa wailesi ya MBC tili pa chitomero, banjo ya Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, "Linny Hoo" ya Giddes Chalamanda, ndi mau ofatsa a Jim Reeves, amene anamwalira pa ngozi ya ndege m'chaka cha 1964 koma mbale zake zinkalirabe m'nyumba za aphunzitsi ambiri.

Dzuŵa litayandikira kuloŵa tinayala mphasa pagombe, moyang'anana ndi chilumba cha Thumbi. Madzi anafiira ngati moto, nkhwazi inalira kotsiriza, ndipo asodzi anayamba kukankhira mabwato m'madzi. Kutada, nyali zao zokopera usipa zinandandalika panyanja ngati mudzi woyandama. Pamenepo ndinayatsa Kachamba chapansipansi.

Akazi anga anaseka, nati, "Kodi abambo, mukukumbukira njinga ija munabwereka, tcheni nkuduka pa mlatho?" Ndinali nditaiŵala. Nkhani inabala inzake, mpaka Namoko anatha osamumva bwino.

Koma Jim Reeves atangoyamba, iwo anaŵerama. Ndinakumbukira mochedwa kuti nyimbo imeneyo inkalira kaŵirikaŵiri m'nyumba mwathu chaka chimene tinataya mwana wathu woyamba. Ndinatambasula dzanja kuti ndiidumphe, koma iwo anandigwira mkono nati, "Isiyeni ithe." Tinaimvera yonse. Itatha, tinatchula dzina la mwanayo, limene kwa zaka zambiri aliyense ankalisunga mumtima mwake yekha poopa kuliza mnzake. Tinalira pang'ono, ndipo mtima unapepuka.

Yotsiriza sinali m'foni. Akazi anga anayambitsa okha nyimbo ya m'buku la Nyimbo za Mulungu imene inaimbidwa tsiku la ukwati wathu, ine nkuthira besi ndi mau anga okalambaŵa. Mafunde ankagunda gombe pang'onopang'ono, ndipo palibe wa ife anafulumira kunyamuka.

Inu makolo anzanga, simusoŵa kufika ku Chembe kuti muchite zotere. Pakhonde panu mpokwanira, kutentha kwa tsiku kukatha. Posankha nyimbo yambani ndi zosekeretsa, musathaŵe zokumbutsa misozi, ndipo pakati pa nyimbo ndi inzake siyani mpata wolankhulana. Nanunso anyamata ndi asungwana, samalani zimene mukumvera lero ndi amene mwapalana naye ubwenzi, chifukwa zimenezo ndizo mudzazifunafuna imvi zikadzamera.

M'maŵa tinagula usipa wouma wa kukapatsa mdzukulu uja, tinakwera galimoto yopita ku Monkey Bay, ndipo njira yonse tinali kucheza.