Kangolo kanga kanafika ku Chembe

Njinga yanga ndi ya kaunjika, yopinda pakati, ya matayala a mainchesi 20. Ndinaigula ku Limbe chifukwa ikapindidwa imakwana kuseri kwa chitseko cha chipinda changa cha lendi. Vuto lake ndi katundu. Kaliyala wake ndi wamfupi, ukamangapo chikwama zidendene zimagunda popalasa. Nditaganiza zokagona m'tenti masiku atatu ku Cape Maclear, ndinaona kuti tenti, bulangeti, kapoto ndi chigubu cha madzi sizingakwane pamenepo. Mpomwe maganizo a kangolo anabwera.

Ndinajambula papepala n'kupita nacho kwa bambo wina wowotcherera zitsulo ku Ndirande. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Achimwene, ngolo imeneyi mukufuna ikokedwe kapena inyamulidwe?"

"Zonse ziwiri, bambo. Iyenera kukwera minibasi."

Pamenepo mpamene panagona ntchito yonse. Ngolo yongowotcherera paliponse ndi yolimba, koma kondakitala akaiona amakulipiritsa mpando wina. Choncho anawotcherera felemu yokha, ya paipi yopyapyala, kukula kwake kofanana ndi kireti ya pulasitiki imene ndinamangapo. Mawilo awiri ndi mkono wokokera tinazimanga ndi mabawuti kuti zizichoka ndi sipanala imodzi. Mawilowo ndinasankha a mainchesi 20, kuti chubu chimodzi chapadera chizitha kulowa panjinga kapena pangolo.

Tinakangana pa malo olumikizira. Ine ndimafuna pansi pa chishalo chifukwa mposavuta. Iwo anakana, amvekere chitsulo cha chishalo cha njinga yopinda n'chachitali kale, ngolo ikamakoka m'mwambamo njinga izigwedezeka. Anamangirira mkonowo pa nati ya wilo lakumbuyo, kumanzere, ndipo pakati anaikapo chidutswa cha tayala lakale la galimoto kuti pazipindika pokhota. Ankanena zoona, ngakhale tsiku limenelo sindinavomere.

Kuchokera ku Limbe kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde mpaka ku Mangochi, mawilo ndi mkono zinali m'kireti, njinga itapindidwa pambali pake. Kondakitala anangolipiritsa ya katundu wamba. Minibasi yachiwiri inanditsitsa pamphambano ya ku Cape Maclear, tisanalowe mu Monkey Bay. Ndikumanga kangoloko m'mbali mwa msewu, anyamata a kabaza anandizungulira, wina n'kufunsa ngati ndikukagulitsa aisikirimu.

Kuchokera apo ndi makilomita pafupifupi 18, ndipo msewu umadutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 inalowa m'kaundula wa UNESCO. Pokwera chitunda ngolo imakukokera m'mbuyo, zimenezo ndinkayembekezera. Chimene sindinachiganizire n'chakuti potsetsereka imakukankha. Pamtsetse wina ndinagwira mabuleki mwamphamvu, ndinangomva kuti thapu! Bawuti inali itang'amba tayala lija, kangolo n'kundipitirira kokha kukagwera m'tchire. Kapoto kanagubuduzika mpaka pafupi ndi anyani amene anakhala pamwala, ndipo sanasunthe n'komwe.

Cholakwa chinali changa. Chigubu cha malita asanu ndinachiika kumbuyo kwa mawilo, ndiye mkono umangotukuka n'kumakutula tayalalo pa bampu iliyonse. Komanso mawashala amene bambo aja anandipatsa kuti ndiziika mbali zonse za bawuti ndinawasiya m'thumba chifukwa cha changu. Mkulu wina wopalasa njinga, atanyamula dengu la usipa, anaima. Anaboola bowo lina ndi mpeni wake, tinaikapo mawashala, iye n'kukulungapo malegeni ochokera pakaliyala wake. Ndalama anakana. Anangoti, "Cholemera chizikhala kutsogolo pang'ono, aphwanga," n'kupitiriza ulendo.

Ndinafika ku Chembe dzuwa litapendeka, chilumba cha Thumbi chikuoneka chakuda pamadzi, usipa uli mbee pamathandala. M'mawa mwake ndinamasula kangolo n'kupita ndi njinga yokha kukaona manda a amishonale a Livingstonia, amene anayamba ntchito yawo kuno mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. Pobwerera kutenti ndinapeza ana atatu atakwezana m'kireti, wachinayi akukoka mkono pamchenga, ndipo malegeni aja anali chigwirire.