Kalata kwa amayi: mbuzi zikapoloza

Amayi,

Chandigwiritsa cholembera ndi mawu amene munangowatchula modutsa pa foni Lamlungu lija, netiweki isanadule. Munati mbuzi zitatu zapoloza mwezi womwe uno, ndipo nsengwa zake agalu anazikokera kuseri kwa nkhokwe. Inu munadandaula za tiana ta mbuzi totayikato. Ine mtima unathamangira kwa mng'ono wanga, amene wabwera kwanuko ndi pakati pake kudzadikira, ndipo ndikumudziwa, sakhala pansi: m'mawa uliwonse tsache lili m'manja.

Mwana saphunzitsa make kuweta mbuzi. Fizi yanga ya kusekondale inatuluka m'khola lomwelo, sindinaiwale. Koma ndiloleni ndilankhule kamodzi kokha, mukatero muweruze nokha.

Pali matenda otchedwa Q fever. Mu 1935, anthu ogwira ntchito m'malo ophera nyama mumzinda wa Brisbane ku Australia ankangodwala kutentha thupi kosadziwika mutu wake. Dokotala wina, Edward Derrick, anawayeza matenda onse amene ankawadziwa, osapeza kanthu. Mapeto ake anangowatcha Q, chilembo choyamba cha liwu lachingerezi lotanthauza funso. Patapita nthawi kanapezeka kachilombo kake, ka mtundu wa bakiteriya, ndipo anakatcha Coxiella burnetii pokumbukira Herald Cox wa ku America ndi Macfarlane Burnet wa ku Australia, amene anakafufuza. Lero kamapezeka pafupifupi dziko lililonse kupatula New Zealand, ndipo malo amene kamawakonda ndi m'thupi la mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe.

Chakudza sichiimba ng'oma, amayi. Mbuzi imene ili ndi kachilomboka imadya bwino, imabzikula, ubweya uli see. Ikatenga bere m'pamene tizilomboto timasonkhana m'chiberekero, ndipo tsiku loswa kapena kupoloza timatuluka ndi madzi ndi nsengwa. Kachidutswa ka nsengwa kolemera galamu imodzi kakhoza kusunga tizilombo tofika 1 biliyoni, pomwe munthu kuti adwale amangofunika kupuma tochepa kwambiri. Dzuwa silitipha msanga. Timauma pamodzi ndi ndowe ndi dothi, n'kukhala momwemo miyezi yambiri. Ndiye wina abwere ndi tsache, kapena kamvuluvulu wa m'chilimwe adutse pakhomo, fumbi lija lalowa m'mphuno.

Musati ndikukokomeza. Ku Netherlands, pakati pa 2007 ndi 2010, anthu oposa 4,000 anapezeka ndi matendawa, makamaka kum'mwera kwa dzikolo kumene kuli mafamu aakulu a mbuzi za mkaka. Ambiri mwa odwalawo sanagwirepo mbuzi, anangokhala kumene mphepo yochokera kumakola inkalowera. Boma linafika popha mbuzi ndi nkhosa za bere zoposa 50,000. Ngati mphepo inanyamula matenda kudutsa minda mpaka m'matauni, nanga kwathu kuja kumene khola ndi khitchini zimayang'anana?

Chimene chimandiopsa kwambiri n'choti matendawa amabwera atavala malaya a malungo. Pakapita masabata awiri kapena atatu munthu atapuma fumbilo, thupi limatentha, mutu umawawa ngati ukung'ambika, kuzizidwa, thukuta usiku, kuphwanya m'thupi monse. Ena amafika pa chibayo kapena kutupa chiwindi. Pafupifupi theka la otenga kachilomboka samva chilichonse. Ku Moshi, kumpoto kwa Tanzania, anafufuza odwala ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutentha thupi m'zaka za 2007 ndi 2008. Ambiri anali atauzidwa kuti ndi malungo, koma atayeza bwinobwino, a Q fever anachuluka kuposa a malungo enieniwo.

N'chifukwa chake ndikupemphani: wina pakhomopo akatentha thupi, apite kukayezetsa. Akauzidwa kuti malungo sanapezeke, asabwerere kukagula LA pa golosale. Auze adokotala momveka kuti, "Kwathu mbuzi zapoloza masabata apitawa." Mawu amenewo akhoza kuwatsegula maso. Mankhwala alipo, amatchedwa doxycycline, ndipo amamwa masabata awiri. Koma mayi woyembekezera amapatsidwa ena, choncho mng'ono wangayo asamwe a munthu wina. Kwa iye matendawa akhoza kubweretsa kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena mwana wochepa thupi, ngakhale mwini wake asanamve kudwala kwenikweni. Enanso oti muwayang'anire ndi amalume, ndi vuto lawo la mtima lija. Mwa anthu ochepa kachilomboka kamabisala n'kukagwira timitsekero ta mumtima, ndipo zikatero mankhwala ake amatenga miyezi 18 kapena kuposerapo.

Katemera wa anthu amaperekedwa ku Australia kokha. Kwathu kuno chishango chathu ndi manja athu omwewa. Mng'ono wangayo asayandikire khola mpaka atachira. Asasese kumeneko, asasenze manyowa kupita nawo kudimba, asachape zovala zimene mwavala pothandiza mbuzi. Akakana, muuzeni kuti walamula ndi mkulu wake, akwiyire ine. Inuyo mbuzi ikamaswa valani magolovesi, akasowa vekani manja majumbo, ndipo mphuno ndi pakamwa phimbani ndi masiki. Nsengwa, ana akufa ndi udzu wonyowawo muwotche kapena mukwirire m'dzenje lakuya loti galu asafukule. Mbuzi ikapoloza ipatuleni kwa zinzake, ndipo nyama yake musaigawe. Musanasese, wazani madzi kuti fumbi ligone. Mkaka uziwira kaye usanalowe mu tiyi, ndipo mukachoka kukhola sambani ndi sopo musanagwire mthiko.

Mbuzi zimapolozanso ndi njala, kapena ndi matenda ena monga brucellosis, amenenso amagwira anthu. Wosiyanitsa ndi mlangizi wa ziweto. Muitaneni sabata ino, musadikire yachinayi. Dokotala wa ku Brisbane uja sanachite manyazi kulemba funso pamene yankho analibe, ndipo inu nomwe munkatiuza kuti safunsa anadya phula.

Ndatumiza bokosi la magolovesi, mamasiki ndi sopo kudzera mwa kondakitala wa basi ya Lachisanu, pamodzi ndi ndalama ya mayendedwe a mlangiziyo. Tonde wamkulu uja musamugulitse. Ndikufuna tidzamudye tonse tsiku limene mdzukulu wanu adzatuluke m'chikuta, make ali pambali akuseka.

Ndine mwana wanu woyamba.