Kwa mwana wokaphunzira unamwino: za odwala khansa ya m'matumbo

Kachulu, Zomba

Mwana wanga,

Khansa ya m'matumbo imayamba ngati kachotupa m'kati mwa matumbo aakulu kapena kumapeto kwake, ndipo imakula mwakachetechete kwa zaka. Imadziwika ndi magazi m'chimbudzi, kutsekula m'mimba kosinthana ndi kudzimbidwa kwa masabata angapo, kuwonda, komanso kufooka chifukwa magazi achepa m'thupi. Kuno kunyanja ya Chilwa anthu akaona magazi amangoti ndi kamwazi kapena likodzo, matenda omwe anawazolowera. Msodzi wogona pa zimbowera, timisasa toyandama panyanja, amagula mapiritsi pagolosale n'kubwerera ku maukonde ake. N'chifukwa chake ena amafika kuchipatala matumbo atatsekeka kale, mimba ili tototo, akusanza.

Motero phunziro loyamba la namwino, kaya ali ku St Luke's ku Malosa kaya ku Malawi College of Health Sciences mu Zomba, ndi kudziwa kufunsa. Za kuchimbudzi n'zamanyazi, munthu wamkulu sangazinene pamzere kapena pamaso pa mkamwini wake. Namwino amamutengera pambali, natsitsa mawu: "Agogo, mukapita kuseri mukuona zotani? Zinayamba liti?" Wodwala yemwe wamwa mankhwala a kamwazi kapena a likodzo koma magazi osaleka asapatsidwenso omwewo. Atumizidwe ku Zomba Central Hospital kuti madokotala akamuyeze bwino, ngakhale akhale wachinyamata, poti nthendayi si ya okalamba okha.

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yodula mbali yodwalayo. Ena amalandiranso mankhwala a khansa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ntchito ya namwino imakula pamene wodwala watuluka ku opaleshoni ndi kabowo pamimba kotulukira chimbudzi, komwe amamatapo thumba. Ena amakhala nako miyezi yochepa, ena moyo wonse. Kabowo kabwino kamakhala kofiira ndi konyowa ngati m'kamwa. Kakada kapena kutuwa, dokotala adziwitsidwe nthawi yomweyo. Thumba likhuthulidwe lisanafike pa theka, chifukwa likalemera limamatuka. Khungu lozungulira litsukidwe ndi madzi oyera n'kuumitsidwa bwino, ndipo thumba latsopano libooledwe molingana ndi kabowoko, poti chimbudzi chikamakhudza khungu limasupuka.

Zonsezi wophunzira amazigwira msanga. Chovuta ndi nkhope yake. Tsiku loyamba kumatula thumba, wodwala sayang'ana pamimba pake, amayang'ana namwino. Akaona kuti wakwinya mphuno, amayamba kukana chakudya kuti thumba lisadzaze, ndipo akabwerera kumudzi amasiya kupita kutchalitchi, kumzikiti ngakhale kumaliro. Namwino wabwino amatchinga bedi, amacheza uku manja akugwira ntchito, ndipo amayankha mosabisa mafunso omwe wodwala akuchita nawo manyazi, monga ngati angasambe, angalime kapena kugona ndi mnzake wa m'banja. Bala likapola zonsezi n'zotheka, kupatula kunyamula zolemera miyezi yoyamba.

Amene nthenda yawafika patali nawonso ali ndi chithandizo chawo, monga chomwe chimaperekedwa ku Tiyanjane, ku Queen Elizabeth. Morphine wakumwa amaperekedwa maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere. Mankhwalawa amadzimbiritsa, choncho amayendera limodzi ndi ofewetsa chimbudzi, pokhapokha ngati matumbo atsekeka. Achibale ambiri amaopa kuti morphine ndi wotsirizira munthu. Afotokozeredwe modekha kuti ntchito yake ndi yoti wodwala agone tulo, adye, acheze ndi ana ake.

Wodwala asanatuluke, aphunzitsidwenso gadiyani, chifukwa kumudzi namwino ndi iyeyo. Asinthe thumba ndi manja ake namwino akuona, osati kungouzidwa. Adziwe kokatenga matumba ena asanathe omwe ali nawo, ndi zizindikiro zobwerera nazo kuchipatala msanga: kusanza, kutupa mimba, ndi kabowo kusiya kutulutsa chimbudzi. Tsiku lobweranso lisankhidwe poganizira ulendo wake, popeza wochokera pachilumba cha Chisi amayamba wakwera bwato mpaka pa Kachulu, kenako galimoto ya ku Zomba, ndipo m'dzinja msewuwo umavuta.

Ine mayi ako