Mzimu, Khungwa ndi Dontho la Madzi

Munthu ali ndi thupi, alinso ndi mzimu. Izi makolo athu anazidziwa kale, asanaone buku. Munthu akamwalira, thupi timaika m'manda, koma mzimu umatsala pafupi ndi abale. Umabwera m'maloto. Mwana akabadwa timamucha dzina la womwalirayo, kuti dzina lisafe. Ine ndiri mmodzi wa otere. Ndimayenda ndi dzina la agogo anga aamuna amene sindinawaone, ndipo azakhali anga mpaka lero amandiitana kuti "atate".

Sindicita nazo manyazi. Kwathu kuno ku Angónia ena amathira ufa patsinde pa msolo, kupempha mizimu kuti ikawanenere kwa Cauta. Ena amapita ku chalichi kukapempherera akufa ao. Njira nzosiyana, koma mtima ndi umodzi: sitifuna kuiwala anthu athu.

Nchito yanga ndi kuphunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba. Koma munthu aliyense ali ndi kanthu kake kamene amakonda akaweruka. Wina amasewera bawo, wina amaweta nkhunda, wina amaluka mphasa. Ine ndimakonda mitengo. Ndimathyola tsamba, kuliika pakati pa mapepala kuti liume, ndi kulemba dzina lake m'munsi mwake. Pa nchito imeneyi aphunzitsi ndinu, amai ndi abambo. Ine ndimakuonetsani zilembo, inu mumandiuza kuti uwu ndi muwawani, uwu ndi mbvunguti, uwu ndi mwabvi, osaulawa.

Kukonda mitengoku kunandifikitsa pa nkhani ya mtengo wina wakutali. Dzina lake ndi cinchona, ndipo umamera m'mapiri a Andes, ku Peru. Khungwa lake ndi lowawa kwambiri, koma limaciza malungo. Pa khungwa limodzi lomwelo panacokera njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann. Mu 1790 iye anamwa khungwalo ali bwinobwino, ndipo anati anamva m'thupi ngati munthu wa malungo. Pamenepo anaganiza kuti cinthu cimene cidwalitsa munthu wamoyo cingacize wodwala nthenda yofanana nayo. Mu 1796 analengeza ganizo lakeli. Ndico ciyambi ca homeopatia.

Mankhwala a homeopatia amakonzedwa motere. Amatenga dontho limodzi la mankhwala, kulithira mu madontho 99 a madzi, ndi kukhuchumula. Amatapamo dontho limodzi, kulithiranso mu madontho ena 99. Kawirikawiri amabwereza mpaka maulendo 30. Akatswiri anawerengera, napeza kuti podutsa ulendo wa 12 mankhwala aja amakhala atatheratu. Otsala ndi madzi.

Amai, taganizani za thobwa. Mutape kasupuni kamodzi, muthire mu mtsuko wa madzi. Mutapenso kasupuni m'menemo, muthire mu mtsuko wina, mpaka mitsuko 30. Kodi mlendo mungampatse za mu mtsuko wotsiriza, ndi kumuuza kuti imwani thobwa?

Komabe odwala ambiri a Hahnemann ankapeza bwino. Cifukwa cake ciripo. Madokotala a nthawi yake ankacotsa odwala magazi ambiri, ndi kuwamwetsa mankhwala aukali oononga thupi. Madzi ake iye sanapweteke munthu, ndipo matenda ambiri ang'onoang'ono amatha okha. Ndiponso iye ankakhala pansi, kufunsa wodwala ndi kumumvera nthawi yaitali. Munthu womveredwa mtima wake umakhala pansi. Koma mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa umoyo linasanthula nkhaniyi, ndipo silinapeze nthenda ngakhale imodzi imene pali umboni wodalirika wakuti homeopatia imaciza.

Njira yaciwiri inapita kwina. Mu 1820 anthu awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anatulutsa m'khungwa lija mphamvu yake yeniyeni. Ndiye kwinini. Tsopano zinatheka kudziwa muyeso: wocepa saciza, wocuruka amapweteka. Mu 1880 Alphonse Laveran anaona kacirombo ka malungo m'magazi a wodwala, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Pambuyo pake mai wina wa ku China, Tu Youyou, anawerenga mabuku akale a asing'anga a kwao. Mu 1972 iye ndi anzake anatulutsa mankhwala a malungo mu citsamba cina ca kwaoko, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Coartem amene timalandira ku cipatala gwero lake ndi citsamba cimeneco.

Mwaona, anzanga? Mankhwala a ku cipatala sanagwe kucokera kumwamba. Ena anacokera ku mitengo, monga yathuyi. Nzeru za makolo a ku Peru ndi a ku China sizinanyozedwe. Zinafunsidwa, zinayesedwa, zinapimidwa. Ndi cifukwa cake ine ndimalemba maina a mitengo yathu. Nkhalamba ikamwalira osalemba, nzeru zake zimapita nayo kumanda.

Tsono pali cinthu cimodzi cimene cimandisowetsa tulo. Nyengo ya dzinja mwana amatentha thupi. Asanza, akana bere, mwina akomoka ndi kuphiriphitha. Pakhomo pamagwa mantha. Wina ati ndi mizimu yakwiya, wina ati pali munthu wacita. Tsiku loyamba lipita ndi kuombeza ula, laciwiri ndi kutema mphini. Koma malungo aakulu sadikira. Mwana wamng'ono angathe kufa m'tsiku limodzi kapena awiri. Ku cipatala amabaya cala, kuyeza dontho la magazi, ndipo posakhalitsa yankho limatuluka. Akapezeka ndi malungo, mankhwala ake ndi a masiku 3, m'mawa ndi madzulo, ndipo ayenera kumalizidwa onse.

Ine sindikuuzani kuti mutaye cikhulupiriro canu. Ndine mwana kwa inu, ndipo za mizimu mumazidziwa kuposa ine. Koma ndikaganiza za agogo anga aja, ndimadzifunsa: munthu amene analima, nabvutika kulera ana ake, angakondwere kuona mdzukulu wake akufa panyumba, cipatala ciri pafupi? Mizimu ya makolo imafuna kuti mbumba icuruke. Kubereka mwana kumsana ndi kuthamangira naye ku cipatala ndi ulemu kwa iwo. Pemphero mungalinene m'njira. Ufa mungakathire pobwerako.

Mzimu wa munthu umafuna citonthozo, umafuna wina womumvera, umafuna kukumbukiridwa. Zimenezi tisamanane. Koma kacirombo ka m'magazi sikamva mau okoma, ndipo madzi okha sangakaphe. Wina akakugulitsani kabotolo, kaya kacokera kutali, kaya kali ndi zilembo zokongola, funsani: muli ciani m'menemu? Anayesa ndani? Ndimwe wocuruka bwanji? Akulu anati safunsa anadya phula. Tsopano mukudziwa kuwerenga. Werengani pa botolo, werengani pa khadi la mwana, ndipo muwerengerenso anansi anu amene sanayambe sukulu.

Tikambirane

1. Kodi inu munachedwa dzina la yani? Mumawakumbukira bwanji?
2. Chulani mitengo isanu ya mankhwala ya m'mudzi mwanu, ndipo mulembe maina ake.
3. Mwana akatentha thupi usiku, tiyenera kuyamba taciita ciani?